KANGAUDE NDI MLENGI WACE

Mau owerenga: Genesis 1:24-31, Miyambo 30:24-28, Macitidwe 10:9-28.

Palibe nyumba m'mudzi imene ilibe kangaude. Ali ku denga, ali kuseri kwa mtsuko, ali pansi pa nkhokwe. Ndipo ngakhale m'nyumba ya mapemphero, pamene anthu alikuimba nyimbo zao, iye ali pamwamba pa mapaso, kuluka ukonde wace mwakacetecete. Koma zolengedwa zophedwa msanga monga iye nzowerengeka. Mai akamuona pakhoma atenga tsace. Mwana akamuona pabwalo amponda ndi cidendene. Ndipo palibe wofunsa kuti, Kodi walakwanji? Mlandu wace uweruzidwa osauzenga, ndipo mboni yomtsutsa ndi imodzi yokha, ndiyo maonekedwe ace.

Kangaude sali yekha pa tsoka limeneli. Kadzidzi akalira pa denga usiku, anthu amponya miyala ndi zikuni zamoto, nati waitana maliro. Birimankhwe akadutsa m'njira, akazi alumpha, ndi anyamata afuna ndodo. Mleme, cule, muimba ndi fisi, onsewa ndi mtundu umodzi, mtundu wa zolengedwa zopanda bwenzi. Tsono funso liyenera kufunsidwa pakati pa Akristu: kodi munthu amene abvomereza Lamulungu liri lonse kuti Mulungu ndiye Mlengi wa kumwamba ndi dziko lapansi, ayenera kuziyesa zotani zolengedwa zimenezi?

1. Zokwawa zinalengedwa tsiku limodzi ndi munthu

Buku la Genesis linena kuti pa tsiku lacisanu ndi cimodzi Mulungu analenga zoweta, ndi zokwawa, ndi zirombo za kuthengo, ndipo pa tsiku lomwelo analenga munthu. Zokwawa zinayamba ndizo kufika, munthu nadza pambuyo. Ndipo Mulungu anaziyang'ana nazibvomereza kuti nzabwino munthu asanatsegule maso ace, asananene kanthu za kukongola kapena kuipa kwa cinthu ciri conse. Cotero ciweruzo coyamba pa kangaude cinaperekedwa kale, ndipo anacipereka ndi Mwini wace. Pamene cigumula cinadza, Nowa analamulidwa kulowetsa m'cingalawa zokwawa monga mwa mitundu yao pamodzi ndi ng'ombe ndi nkhosa. Ndipo madzi ataphwa, pangano la utawaleza linapangidwa ndi Nowa ndi ana ace, ndi zamoyo zonse zimene zinaturuka naye. Mulungu sanaiwale kanthu kakang'ono pa tsiku la cipulumutso.

Munthu wofatsa, amene alola kukhala pansi ndi kupenyetsetsa, aona yekha cifukwa cace. Kangaude ali ndi miyendo isanu ndi itatu, pamene nchenche ndi nyerere ziri nayo isanu ndi umodzi, ndipo ambiri a iwo ali ndi maso asanu ndi atatu. Ulusi wace uturuka kumapeto kwa mimba yace. M'kati mwa thupi ukhala ngati madzi, koma pouturutsa ndi kuukoka uuma nukhala cingwe. Kangaude woluka ukonde wozungulira ayamba ndi ulusi umodzi wouluzika ndi mphepo kufikira ukodwa pa nthambi yina. Pamenepo amanga mizere yocokera pakati, monga mapaso a nyumba yozungulira, ndipo potsiriza azunguliza ulusi womata. Mizere yocokera pakatiyo siimata, ndipo ndiyo njira yace poyenda. Ambiri a mtundu umenewu amadya ukonde wakale ndi kuluka watsopano tsiku ndi tsiku, osataya kanthu. Palibe anamphunzitsa, kamwana kace kaluka ukonde woyamba kasanaonepo mace alikuluka. Ulinso mtundu wina wothamanga pansi, umene wamkazi anyamula thumba la mazira ace kuli konse apita, ndipo ana akaswa akwera pamsana pace, iye nawabereka monga mai abereka khanda.

M'caka ca 2022 akatswiri olemba maina a akangaude anafika pa mitundu 50,000, ndipo alikupezabe yina. M'caka ca 2017 akatswiri awiri, Martin Nyffeler ndi Klaus Birkhofer, anawerengera kuti akangaude a dziko lonse amadya tizirombo tolemera matani mamiliyoni 400 kufikira 800 caka ciri conse. Ndiko kulingana, kapena kuposa, nyama ndi nsomba zimene anthu onse adya pa caka. Pakati pa tizirombo timeneti pali nchenche zotera pa nsima, ndi udzudzu, ndi tina toononga mbeu m'munda. Ku Kenya ndi ku Uganda, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, kuli kangaude wamng'ono wolumpha amene asankha makamaka udzudzu waukazi umene wakhuta mwazi, ndipo akonda kugwira wa mtundu uja wopatsa malungo. Wanchito wotere salipidwa, sapempha ufa, ndipo mphotho yace kawirikawiri ndi tsace.

2. Zazing'ono zanzeru

Aguri mwana wa Yake, m'buku la Miyambo, achula zinthu zinai zazing'ono za pa dziko zimene ziposa pa nzeru: nyerere, mbira, dzombe, ndi kanthu kacinai kamene kapezeka ngakhale m'nyumba za mafumu. Liu la Cihebri la kanthu kameneka lavuta omasulira. Baibulo la Cingerezi la caka ca 1611 linati ndi kangaude, ndipo omasulira ambiri a pambuyo pace ati ndi buluzi. Kapena ndi uyu, kapena ndi uyo, phunziro liri limodzi: onse awiri ndi onyozeka, ndipo onse awiri alowa pamene munthu wamba aimitsidwa pa cipata. Mlonda wa mfumu abweza mlendo wosabvala bwino, koma kangaude akhala pamwamba pa mpando wacifumu osapempha cilolezo. Akuru anati, ukaipa dziwa nyimbo. Kangaude anaipa nkhope, koma adziwa kuluka.

Kuli koona kuti Malembo anenanso za kufoka kwa ukonde wace. Bilidadi, bwenzi la Yobu, afanizira ciyembekezo ca munthu woiwala Mulungu ndi nyumba ya kangaude, imene munthu akaitsamira igwa (Yobu 8:13-15). Yesaya naye anena kuti nchito za ocita zoipa ziri ngati ukonde wa kangaude, wosatheka kuubvala (Yesaya 59:5-6). Koma wodzudzulidwa m'mau amenewa ndi munthu. Ukonde ukwanira nchito imene unapangidwira, ndiyo kugwira nchenche; wopusa ndiye afuna kuutsamira ngati khoma, kapena kuufunda ngati bulangete.

Makolo akale sanampeputse kangaude monga acitira adzukulu ao. M'nthano ya Acewa ya ku Kaphirintiwa, ku mapiri a Dzalanyama, Cauta anakhala pansi pano mwamtendere pamodzi ndi anthu ndi nyama, kufikira tsiku limene munthu anapeka moto ndi timitengo tiwiri, natentha thengo. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, nyama zina zinathawa zitakwiya, birimankhwe nakwera mu mtengo. Ndipo kangaude ndiye analuka ulusi umene Cauta anakwera nao kumwamba. Nthano si Malembo ai, pakuti Mulungu wa m'Malembo sakalamba, ndipo sathawa moto. Koma ncoyenera kuzindikira kuti m'nthanoyo woononga mtendere ndi munthu, ndipo wotumikira ndi kangaude.

Ayuda nao ali ndi nthano yao, yosalembedwa m'Baibulo. Ati Davide ali mnyamata anafunsa Mulungu cifukwa cace analenga kangaude, woluka nsaru imene palibe aibvala. Patapita zaka, pothawa Sauli, Davide anabisala m'phanga, ndipo kangaude analuka ukonde pakhomo pace. Anthu a Sauli pofika anaona ukondewo uli wosaduka, nati muno simunalowe munthu, napitirira. Cimene Davide anaciyesa cacabe ndico cinasunga moyo wace.

3. Anthu oweta akangaude

Anthu a m'midzi adzazizwa kumva kuti ku maiko monga Britain, Germany ndi America kuli anthu amene aweta akangaude m'nyumba zao mwadala. Amene awetedwa kwambiri ndi aja akuru aubweya, ochedwa tarantula, abale ao a kangaude wamkuru wa kuno wokhala m'dzenje pansi. Amsunga m'bokosi la galasi, amuikira dothi, pobisala ndi kambale ka madzi, namdyetsa nkhululu kapena mphemvu, mwina kamodzi pa sabata. Wamkazi wa mitundu yina akhala ndi moyo zaka zoposa 20, kotero kuti mwana amene anamlandira ali pa sukulu akhoza kukwatira ndi kubala ana kangaude wace akali moyo.

Woweta ng'ombe alandira mkaka ndi manyowa. Woweta nkhuku alandira mazira. Ngakhale galu agwedeza mcira mbuye wace akabwera. Koma kangaude sadziwa dzina la womdyetsa, sathokoza, ndipo samthamangira pa khomo. Womsunga alandira cinthu cimodzi cokha, ndico kuona. Aona m'mene kangaude abvula khungu lace lakale atagona cagada, naturuka wofewa ndi watsopano. Aona kuti cirombo cimene anaciopa kale ciri camantha koposa iye, ndi kuti cifuna kubisala koposa kuluma. Ambuye Yesu anaphunzitsa kuti kukonda okhawo amene abwezera cikondi kulibe ciyamiko, pakuti ocimwa omwe atero (Luka 6:32-35). Iye ananena za anthu. Koma munthu amene asamalira kanthu kosatha kumthokoza walawako pang'ono za cikondi cosayembekeza malipiro.

Komabe kuweta kotere kuli nalo yeso lace, pakuti pamene pali cokondweretsa, msika ufika. Kangaude wa ku Mexico wa maondo ofiira anakumbidwa m'maenje ace ndi kugulitsidwa wambirimbiri, kufikira m'caka ca 1985 anaikidwa pansi pa pangano la maiko loyang'anira malonda a zamoyo za kuthengo. Wina aononga colengedwa cifukwa ca kucida, wina cifukwa ca kucisirira, ndipo colengedwaco citha cimodzimodzi.

Iripo njira yina yoposa. Ku Australia wa kumadzulo kunali mai wina wophunzira za akangaude, dzina lace Barbara York Main. M'caka ca 1974 iye anayamba kuyang'anira akangaude a m'nkhalango yaing'ono yochedwa North Bungulla, a mtundu umene ukumba dzenje ndi kupanga citseko pakamwa pace. Sanawatenge kupita nao kwao. Anangoika cizindikiro ca nambala pa dzenje liri lonse, nabweranso caka ndi caka kudzaona. Kangaude wa nambala 16 anali kamwana pa nthawi imeneyo. Anakhala m'dzenje lace limodzi lomwelo moyo wace wonse, kulikonza ndi kulikuza monga anakula. Maiyo atakalamba, wophunzira wace anapitiriza nchitoyo, ndipo m'caka ca 2016 anapeza citseko ca dzenje citabooledwa ndi mabvu, mwini wace atafa. Kangaudeyo anakhala zaka monga 43, ndipo pamene mbiri yace inalembedwa m'caka ca 2018 panalibe kangaude wina wodziwika amene anafikapo zaka zotere. Mai Main anamwalira m'caka ca 2019. Adamu anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo anapatsidwa nchito ya kucha zamoyo maina (Genesis 2:15-20). Munthu sacha dzina kanthu kamene sanakayang'ane.

4. Kucenjera ndi kwina, mantha ndi ena

Palibe cilamulo cakuti Mkristu awete kangaude, kapena aleke kusesa nyumba yace. Ndiponso si zolengedwa zonse ziri zosaopsa. M'maiko a kumwera kwa Afrika alipo kangaude wa mimba yozungulira ngati batani, wakuda wokhala ndi banga lofiira pamsana, amene ululu wace upweteka thupi lonse, ucititsa thukuta ndi kukokana kwa minofu. Ali ndi mbale wace wotuwa, wa cizindikiro cofiirira kunsi kwa mimba, amene matumba a mazira ace aoneka ngati ali ndi minga, ndipo akonda pansi pa mipando ndi m'mbali mwa mazenera. Munthu wanzeru akutumula nsapato ndi zobvala asanabvale, salowetsa dzanja m'malo osaoneka, ndipo wolumidwa amene ayamba kumva zowawa m'thupi, makamaka mwana, apite naye ku cipatala msanga. Koma kangaude wophwaphwatika uja wothamanga pakhoma usiku, amene aphedwa kwambiri m'nyumba, alibe coipa kwa munthu. Nchito yace ndi kugwira tizirombo. Kucenjera kusiyanitsa cina ndi cinzace. Mantha akantha zonse.

Mantha omwewo aphetsa kadzidzi. Mbalameyi iona ndi kumva bwino usiku, ndipo cakudya cace cacikuru ndi makoswe ndi mbewa, ndiwo akuba a m'nkhokwe. Woipirikitsa alemba makoswe nchito yosunga cimanga cace. Kulira kwace sikunapheko munthu. Masiku a munthu ali m'dzanja la Mulungu, ndipo Mkristu wonjenjemera ndi kulira kwa mbalame apatsa mbalame mphamvu imene iri ya Mulungu yekha. Ndiponso mileme ija imene isonkhana m'nkhalango ya Kasanka mamiliyoni ambiri caka ciri conse, kuyambira kumapeto kwa October kufikira December, idya zipatso za kuthengo ndi kumwaza njere zace kutali. Ibzala mitengo kumene munthu sanafike ndi khasu.

Mtundu wa anthu ukhoza kulakwa monga alakwa munthu mmodzi. M'caka ca 1958 boma la China linalamula kuti mpheta ziphedwe cifukwa zidya mbeu. Anthu anaomba ng'oma ndi miphika kuti mbalamezo zisatere, kufikira zinagwa ndi kutopa. Anaswa mazira, napasula zisa. Koma mpheta zidyanso tizirombo, ndipo zitacepa, dzombe ndi zoononga zina zinacuruka, zinaonjeza tsoka pa njala yaikuru ya zaka zimenezo, imene inapha anthu mamiliyoni. M'caka ca 1960 lamulo la kupha mpheta linalekedwa. Yesu anati mpheta, ngakhale igulidwa ndi kakobiri, siigwa pansi Atate osadziwa (Mateyu 10:29).

5. Cinsaru ca Petro

Tsiku lina usana Petro anakwera pa tsindwi la nyumba ya Simoni wofufuta zikopa ku Yopa kukapemphera, ali ndi njala. Anaona m'masomphenya cinsaru cacikuru cotsitsidwa kumwamba, momwe munali nyama za miyendo inai, ndi zokwawa, ndi mbalame, zimene Myuda anaphunzira kunyansidwa nazo kuyambira ubwana. Anauzidwa kupha ndi kudya, nakana. Ndipo mau anamletsa kucha conyansa cimene Mulungu anaciyeretsa. Izi zinacitika katatu. Petro akali kusinkhasinkha, amithenga a Korneliyo, kenturiyo wa ku Kaisareya, anafika pa cipata. Polowa m'nyumba ya mlendoyo Petro anamasulira yekha masomphenya ace: Mulungu anamuonetsa kuti asayese munthu ali yense wonyansa. Mulungu anagwiritsa nchito zokwawa kuti aciritse mtima wa mtumwi pa za anthu.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Mtima umene uponda kangaude osamuyang'ana ndi womwewo umene uweruza munthu osamumva. M'midzi yambiri iripo nkhalamba yamasiye, ya maso ofiira ndi utsi wa zaka zambiri, imene ikhala yokha kumapeto kwa mudzi; mwana akafa ndi malungo, cala ciloza kwa iye, ndipo mboni yomtsutsa ndi imodzi yokha, ndiyo maonekedwe ace. Alipo wakhunyu amene akagwa anthu athawa, ngakhale khunyu silipatsirana. Alipo wakhate amene anacira ndi mankhwala, koma palibe adya naye m'mbale imodzi. Alipo mwana wa khungu la cialubino amene anzace amnena maina. Alipo woturuka m'ndende amene mpingo womwe umsiyira benci lonse. Mwana amene aona atate wace alikutentha birimankhwe ndi kuseka, waphunzira kuti cosakongola cilibe mlandu wocizengera. Ndipo m'mera mpoyamba.

Akristu akumbukire amene amtsata. Yesaya ananeneratu za Mtumiki wopanda maonekedwe okhumbirika, wonyozedwa ndi wokanidwa, amene anthu anambisira nkhope zao (Yesaya 53:2-3). M'Salmo 22, limene mau ace oyamba Yesu anapfuula pa mtanda, wobvutikayo adziyesa nyongolotsi pakati pa anthu. Mwana wa Mulungu anatsika kufikira malo a zopondedwa, ndipo anakhudza wakhate ndi dzanja lace, nadya m'nyumba ya Zakeyu. Paulo anakumbutsa Akorinto kuti pakati pao sipanali anzeru ambiri kapena omveka ambiri, koma kuti Mulungu anasankha zonyozeka za dziko kuti acititse manyazi zamphamvu (1 Akorinto 1:26-29). Mulungu akadayang'ana monga munthu ayang'ana kangaude, palibe mmodzi akadapulumuka.

Cifukwa cace mai posesa acotse ukonde pamwamba pa miphika yace, koma mwini ukonde amturutse panja ndi tsace lomwelo osamupha. Atate aletse mwana wace kuponya kadzidzi miyala, namuonetse cifukwa cace ku nkhokwe. Mphunzitsi aturutse ana m'mamawa, mame akali pa udzu, kuti awerenge mizere ya ukonde umodzi. Ndipo akuru a mpingo, asanapite ku nyumba ya wolemera, ayambe aima pa khomo la nkhalamba ija ya kumapeto kwa mudzi, alowe, akhale pa mphasa yace, namwe madzi a m'cikho cace.

Mulungu Mlengi, amene anaona zonse anazipanga nazibvomereza, apatse anthu ace maso openyetsetsa asanaweruze, ndi manja ocedwa kukantha, mwa Yesu Kristu Ambuye. Amen.